Liwu limene a Ndime analitulutsa panja

Alamu anga anayamba kulamulira anthu asanamere ndevu. Ine kunalibe nthawi imeneyo, koma onse amene anaphunzira nawo kupulayimale amanena chimodzimodzi: anali monita, ndipo aphunzitsi akangotuluka iwo ankaimirira kutsogolo n'kumalemba mayina a olongolola. Tsiku lina kalasi yonse inapangana kukhala chete kuti ione mnyamatayo achita chiyani. Anadikira, anadikira, kenako analemba mnzake wina chifukwa chotsokomola mwachipongwe.

Ntchito anagwira pageti pa fakitale ya sopo mpaka kupuma. Musadzayerekeze kunena kuti anali mlonda, angakunyanyalireni chaka chathunthu. Iwo amati anali woyang'anira kalowedwe ndi katulukidwe ka ogwira ntchito. Zoona zake n'zakuti ankakhala m'kanyumba kamalata ka zenera limodzi, n'kumabweza anthu amene aiwala chitupa, ngakhale amene akhala akuwapatsa moni m'mawa uliwonse kwa zaka ndi zaka. Dzina lakuti a Ndime linachokera komweko. Munthu akawachonderera, iwo sankangokana ngati mmene anthu ena amakanira. Ankayang'ana kudenga, n'kunena kuti ndime yakutiyakuti ya malamulo a kampani sikulola. Dzinalo linawatsatira mpaka kunyumba, ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti amalikonda.

Kunja kwa ntchito, gulu lililonse likamayambika m'dera lathu iwo ankalinunkhiza ali kutali. Upampando sankaufuna, chifukwa zinthu zikasokonekera wapampando ndiye amafunsidwa. Ulembi sankaufunanso, poti umatopetsa dzanja. Mpando wawo unali umodzi basi, wa wosungitsa mwambo, mpando umene munthu sapanga kanthu koma amaletsa ena kupanga. Analowa kwaya ngakhale mawu awo ali ngati chitseko chadzimbiri, ndipo analetsa kuseka pa nthawi yophunzira nyimbo mpaka atsikana onse oimba bwino anasamukira kukwaya ina. Kutimu ya mpira ya achikulire anathamangitsa munthu yekhayo amene ankadziwa kugoletsa, mlandu wake kusapisira jezi. Timuyo inagonja masewero onse otsala, koma inagonja itapisira.

Mmene munthu wotereyu anakwatirira achemwali anga, mpaka lero ndimadzifunsa. Achemwali ndi amene anandilera mayi athu atamwalira, ndipo anali munthu wapakamwa moti nyumba ikakhala zii tinkadziwa kuti atuluka. Ankacheza ndi aliyense, wogulitsa makala, wowerenga mita ya madzi, ngakhale poto akachedwa kuwira ankamuyankhula. Ali pachibwenzi, ine ndili kamtsikana, ndinkawamva pakhonde la kwathu akuwaseka alamu kuti, “Iwe, ukuyenda ngati wapolisi bwanji?” Alamuwo ankangomwetulira, makutu atafiira, osowa poika manja. Imeneyo ndi nthawi yokhayo imene ndinawaona akuoneka ngati munthu.

Ukwati utangochitika, alamu anakhazika mkazi wawo pansi n'kulengeza kuti chibwana chatha, ndipo m'nyumba mwawo simudzamvekanso liwu lakuti iwe pakati pa akuluakulu. Achemwali anandiuza akuseka. Anati mwamuna samwa, samenya, sagona kunja, nanga kunena kuti inu kungathyole munthu lilime? Ndipo analisungadi lamulolo zaka zoposa makumi atatu, analera ana m'menemo mpaka anawo kukula n'kupita kutali kukagwira ntchito. M'mawa uliwonse alamu asanatuluke, achemwali ankawaimika pakhomo n'kuwakonza kolala ndi mabatani. Ine ndine telala, ndikunena zimene ndikudziwa: bambo ameneyu satha kumanga mabatani. Povala amayang'ana nkhope yake pagalasi m'malo moyang'ana zala, ndiye batani loyamba limalowa pabowo lachiwiri, malaya onse n'kupendekeka.

Matenda anabwera m'mawa wina achemwali akusita. Anagwa pambali pa tebulo, simbi n'kutsala pa malaya mpaka kuwaboola. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anatulukako dzanja lamanja ndi mwendo wamanja zitafa, pakamwa patapotokera mbali imodzi, mawu onse atapita. Kumva ankamva. Ukanena nthabwala diso lawo linkaseka, koma akafuna kuyankha milomo inkangonjenjemera, kukhosi n'kutuluka kaphokoso ngati ka munthu amene akulota zoopsa, kenako misozi. Mkazi amene ankatha kucheza ndi kondakitala mpaka kupitirira siteji yake, tsopano sankatha kupempha madzi akumwa. Zinandiwawa kwambiri, ndipo ndinkalira pamakina osokera makasitomala akuona.

Ndisawanamizire alamu, sanathawe. Ankawasambitsa achemwali, kuwadyetsa, kuwatembenuza pabedi, zonse pa nthawi yake yeniyeni ngati akutsegula geti. Chimene sankachita ndi kucheza nawo. Ankati kuyankhula ndi munthu wosayankha n'kutaya malovu.

Mwayi unapezeka pamene achemwali analandiridwa m'gulu la odwala sitiroko limene linkakumana m'holo ya kuseri kwa chipatala. Inali holo yakale, yonunkha mankhwala okolopera, yokhala ndi mabenchi m'mbali, matiresi a pulasitiki pansi, ndi zitsulo ziwiri zazitali zimene ophunzira kuyenda ankagwirira. Pakona panali galasi lalikulu long'aluka m'munsi, pamene amene anataya mawu ankakhala n'kumayang'ana milomo yawo, wina akuwaonetsa makadi a zithunzi za kapu, galu, nyumba. Ankatsogolera gululi anali mayi wina wamtali, wa imvi zoyamba kumene, amene tonse tinkangoti Adokotala. Iwo anatiuza mosabisa kuti mawu a achemwali sanafe, njira yake ndi imene yatsekeka, ndipo ikhoza kutseguka ngati agwirapo ntchito miyezi yoyambirirayi. Akachedwa, zimavuta. Anatiuzanso kuti malo ndi ochepa ndipo odikira ndi ambiri, choncho wojombajomba malo ake amaperekedwa kwa wina.

Kulakwa kwa Adokotala kunali kumodzi. Tsiku loyamba anamata pepala lalikulu pakhoma, n'kunena kuti gululo lidzipangire lokha malamulo ake, tinthu tiwiri titatu toti aliyense azikhala momasuka. Ine nditamva liwu lakuti malamulo ndinawayang'ana alamu, ndipo ndinaona khosi lawo likutalika. Dzanja linali m'mwamba Adokotala asanatseke pakamwa. Pamene anthu ankabalalika tsiku limenelo, pepalalo linali litadzaza mpaka m'mphepete, ndipo a Ndime anali atasankhidwa kukhala wosungitsa mwambo popanda wopikisana nawo. Nanga akanapikisana nawo ndani? Magadiyani anzawo anali anthu otopa, amene anyamula munthu wamkulu kumsana kuchokera pasiteji, ndipo chimene ankafuna ndi benchi yokhalapo basi.

Sabata yotsatira pepala lija linabereka ena awiri. Mafoni azimitsidwe. Gadiyani asabwere atavala mapatapata. Wochedwa adikire panja mpaka nthawi yopuma, ndipo kuti zimenezi zitheke alamu anagula okha loko wa chitseko n'kumukhoma ndi manja awo. Malovu a wodwala apukutidwe msanga asanaonedwe ndi ena. Wofuna kulira akalirire pakhonde kuti asafooketse anzake. Panalinso ndime imene iwo ankaikonda kuposa zonse, ankaitcha ndime ya ulemu, yakuti m'holomo munthu wamkulu satchulidwa kuti iwe, ndipo wophwanya atuluke mpaka zochitika za tsikulo zithe. Taganizani, holo yodzaza anthu amene theka la iwo sangatchule ngakhale dzina la mwana wawo, wina n'kukhala pansi usana wonse kuwakonzera chilango cha mawu oipa.

Panali bambo wina amene kale ankayendetsa mathiraki, tinkangoti a Dalaivala. Sitiroko inawasiya ndi vuto lakuti kuseka kunkawabwerera kokha, popanda chosekeka, ndipo kukayamba sankatha kukuletsa. Alamu anawachenjeza kawiri pagulu. Mkazi wa a Dalaivala anayesa kufotokoza kuti ndi matenda, koma anayankhidwa kuti matenda si chiphaso chosokonezera anthu. Ine ndinakawadandaulira Adokotala, ndipo iwo anangopuma mozama n'kunena kuti akudziwa, adzayankhula nawo. Koma Adokotalawo anali okha pa odwala onse aja, ndipo chibwerere a Ndime holo inkapezeka yosesedwa, matiresi oyalidwa, zonse zikuyamba pa nthawi yake. Munthu wotopa akapeza womunyamulira katundu safunsa kuti akumunyamula bwanji.

Tsiku lina Adokotala anasonkhanitsa ife amene odwala athu anataya mawu, n'kutiuza chinthu chimene sindidzaiwala. Anati liwu loyamba likamabwerera silisankhidwa. Limatuluka limene linakhala pansi penipeni pa mtima, mwina dzina la munthu amene anamwalira kale, mwina kachidutswa ka nyimbo, mwinanso kutukwana kumene. Anati chilichonse chimene chituluke, muchilandire ndi manja awiri, muombe m'manja, mumupemphe anenenso, chifukwa liwu limenelo ndi limene limakoka anzake. Alamu sanamve zimenezi. Anali pakhonde, akukangana ndi gadiyani wina ngati nsapato zake zinali masandasi kapena mapatapata. Madzulo ndinawafotokozera, ndipo anandiyankha kuti zamankhwala azisiyira madokotala, iwo mbali yawo ndi mwambo.

Achemwali ankalimbikira. Ine ndinkatseka shopu m'mawa wa tsiku la gulu n'kupita kukakhala nawo pagalasi paja, ndikuwagwirira makadi. Ankayang'ana chithunzi cha kapu mpaka thukuta kutuluka pamphumi, milomo ikuyesa kukumana. Kenako anayamba kung'ung'udza nyimbo, kamvekedwe kokha popanda mawu, koma kolondola. Adokotala atamva anagwira phewa langa n'kundinong'oneza kuti zayandikira. Ndinabwerera kushopu tsiku limenelo ndikuimba ndekha mumsewu ngati wamisala.

Ndiye panamveka kuti kukubwera alendo ochokera kubungwe limene linkathandiza gululo. Alamu sanagone tulo. Anakonza nyimbo yolandirira alendo, anakonza mmene odwala akhalire, oyenda okha kutsogolo, a pa njinga za odwala kumbuyo, ndipo anakoperanso malamulo aja pa mapepala atsopano ndi zilembo zikuluzikulu. Pa tsikulo ine ndinachedwa, minibasi inakana kunyamuka isanadzaze. Nditafika ndinapeza chitseko chokhoma. Ndinagogoda, alamu anasuzumira pazenera, anandiona bwinobwino, n'kundilozera pa wotchi yawo. Mlamu wawo weniweni, amene ndinasoka makatani a m'nyumba mwawo. Ndinaima pakhondepo ndikutukwana chamumtima, n'kusendera pazenera lina limene magalasi ake awiri anasweka kale, pamene ndinkatha kuona ndi kumva zonse.

Adokotala munalibe, anali atapita kugeti kukachingamira alendo. Alamu ndiye anatenga holo yonse kukhala yawo. Anaima kutsogolo atavala malaya oyera ndi jekete, akuyeserera mawu amene adzanene. Ndipo malayawo, monga mwa masiku onse chidwalire achemwali, anali opendekeka. Batani lililonse linali pabowo la mnzake, kolala mbali imodzi ili kukhutu, ina ili pansi pa jekete, pamimba patatseguka kampata koonetsa vesiti. Anthu ankaona koma palibe ankafuna kuyamba nawo.

Achemwali anali pa njinga yawo kumapeto kwa mzere wachiwiri. Ndinawaona akuyang'anitsitsa malayawo. Anatambasula dzanja lawo lamanzere, lamoyo lija, zala zikupinda m'malere ngati zikumanga batani. Alamu sanawaone, anali otanganidwa ndi kuthokoza alendo amene anali asanafike. Achemwali anasendera kutsogolo mpaka ndinaopa kuti agwa, khosi linatupa mitsempha, milomo inagwedera, ndipo mwadzidzidzi holo yonse inamva:

“Iwe!”

Linatuluka lalikulu, lokhakhala, ngati mpopi umene wakhala wouma nthawi yaitali. Koma linali liwu lathunthu, ndipo anali mawu a achemwali anga. Iwo eni anadzidzimuka, maso anatuzuka, kenako mbali yamoyo ya nkhope yawo inayamba kumwetulira. Ine ndinagwira zitsulo za zenera. Ndinadziwa iwe ameneyo. Sanali wachipongwe ayi. Anali yemwe uja wa pakhonde la kwathu, amene anatsekeredwa zaka zonse zija, ndipo pa mawu onse a m'dziko ndi iyeyo amene matenda analephera kumupha.

Mayi wina anayamba kuomba m'manja. Koma nthawi yomweyo a Dalaivala kuseka kwawo kuja kunawagwira, ndipo kunali kuseka kwa mtima wonse, mpaka kumenya benchi. Magadiyani awiri atatu, amene a Ndime anawazunza miyezi yonseyi, analephera kudzigwira nawonso. Alamu anaima chilili, pepala lili m'manja, nkhope ikusintha. Iwo sanamve kuti mkazi wawo wayankhula. Anamva kuti wosungitsa mwambo watchulidwa iwe pagulu, ndipo anthu aseka.

“Ndime ya ulemu sisankha nkhope,” anatero. “Ngakhale wa m'nyumba mwanga, akalakwa atuluke.”

Ndinakuwa pazenerapo kuti asayerekeze, koma anachita ngati ndi galu akuuwa kutali. Anapinda pepala lawo bwinobwino, analiika m'thumba, anagwira zogwirira za njinga n'kuitembenuza. A Dalaivala tsopano ankaseka misozi ikutsika, akupukusa mutu kusonyeza kuti sakufuna. Loko anatsegulidwa, ndipo achemwali anakankhidwira pakhonde pamene ine ndinali, kumwetulira kuja kusanathe n'komwe pankhope pawo. Ankaganiza kuti mwina amuna awo akuwatulutsa kuti akasangalale awiri. Dzanja lija linali likadafunafuna malaya.

Alamu anawerama, n'kuyankhula motsitsa koma momveka bwino, liwu lililonse palokha.

“Mayi, miyezi yonseyi ndakusambitsani, ndakupukutani, osamva ngakhale zikomo. Lero pakamwa patseguka, choyamba kutuluka n'chipongwe, pamaso pa anthu. Ngati mawu ake ndi amenewa, kuli bwino mukhale chete.”

Zimene ndinawayankha sindingazilembe pano. Ndinawatchula iwe mpaka kukhosi kuuma, kuti ngati n'kutulutsa anditulutse kawiri, poti panja ndinali kale. Iwo anangondiuza kuti nkhani yanga idzakambidwa pa nthawi yake, analowa, n'kukhomanso chitseko. Ndinagwada patsogolo pa achemwali, ndinagwira mawondo awo. Ndinawapempha kuti anenenso, anene kwa ine, andinene iwe kakhumi ngati akufuna. Anandiyang'ana, milomo inayamba kugwedera ngati poyamba paja. Kenako dzanja lamanzere lija linakwera pang'onopang'ono n'kutseka pakamwa.

Adokotala anatipeza choncho, ali ndi alendo atatu ovala zitupa m'khosi. Nditawauza zimene zachitika, anasiya alendowo ali chiimire, anagwada pasimenti ndi diresi lawo labwino lija, n'kuyamba kuwanyengerera achemwali. Anawaimbira nyimbo imene ankang'ung'udza ija, anayesa kuchotsa dzanjalo mofatsa, anawauza kuti achita bwino kwambiri, kuti gulu lonse likuwanyadira. Achemwali anangotseka maso. M'kati nyimbo yolandirira alendo inali itayamba, a Ndime akuitsogolera ndi manja onse awiri, malaya ali chipendekekere. Chitseko chitatsegulidwa alendowo analowa, anamwa tiyi, anajambula mapepala a malamulo aja ndi mafoni awo, ndipo mmodzi ananena kuti sanaonepo gulu ladongosolo chotere, akalitenga ngati chitsanzo kwa magulu ena. Anthu ophunzira, ovala bwino, anadutsa mayi akulira pakhonde polowa ndi potuluka, osafunsa kuti walakwa chiyani.

Alendo atapita Adokotala anawaitanira alamu pambali. Sindinamve zonse, koma ndinaona Adokotala akumatula mapepala atatu aja pakhoma n'kuwapinda, ndipo ndinaona alamu akuchotsa kiyi wa loko pa mulu wa makiyi awo n'kumuika patebulo ngati nduna imene ikutula pansi udindo. Panjira pobwerera alamu anandiuza kuti iwo sangapitenso kumalo kumene lamulo limagwira ena n'kusiya ena, ndipo mkazi wawo sangamuperekenso kumalo kophunzitsa anthu mwano. Ndinawafunsa ngati akudziwa chimene achemwali ankafuna kuwauza. Ndinawalozera malaya awo. Anayang'ana pansi, anaona, anakonza mabataniwo mwakachetechete pakati pa msewu, n'kunena kuti ngakhale zili choncho pali kanenedwe kake.

Ndinalimbana nawo. Ndinaimbira foni ana awo onse, mwana wamkulu anawakalipira bambo ake mpaka foni kutentha, ndipo pamapeto pake alamu anagonja mwa mtundu wawo. Anati iwo sakuletsa munthu, ngati ndikufuna ndiziwatenga ndekha. Adokotala anavomera kuti ndikhale gadiyani ngakhale sindikhala nyumba imodzi ndi wodwala. Ndinapita m'mamawa, ndinawasambitsa achemwali, ndinawaveka diresi limene ndinawasokera dala, ndinawakhazika pa njinga. Titafika pakhomo lotulukira, anagwira felemu ya chitseko ndi dzanja lawo limodzi lija, mwamphamvu moti zala zinayera. Ndinawachonderera, ndinawanamiza kuti tikupita kumsika, ndinalira. Anangopukusa mutu. Munthu amene moyo wake wonse sanachititsepo mwamuna wake manyazi anali atauzidwa kuti wachita zimenezo ndi liwu lake loyamba, ndipo anakhulupirira. Alamu anali pampando wawo pabalaza akuwerenga nyuzipepala, ndipo sanaitsitse n'komwe.

Ndinayesanso sabata zotsatira, zinali chimodzimodzi. Adokotala anabwera okha kunyumba kamodzi ndi makadi awo, achemwali anatembenukira kukhoma. Malo awo anasungidwa kupitirira mmene lamulo limalolera, koma odikira anali ambiri, ndipo tsiku lina Adokotala anandiimbira foni n'kundipepesa kuti awapereka kwa bambo wina. Sindinawaimbe mlandu. Ndinawafunsa ngati mawu ena akanabweradi, ndipo anandiyankha moona kuti palibe angalumbire, koma iwo anaonapo ambiri amene anayamba ndi liwu limodzi n'kufika pocheza. Kung'ung'udza nyimbo kuja nakonso kunatha.

A Ndime sanakhale nthawi yaitali opanda mpando. Pano ndi wosungitsa mwambo wa komiti yoona zaukhondo mumsewu wawo, ndipo ndikumva kuti mabini tsopano ali ndi mbali yake yoyang'ana. Achemwali amawasamalabe, chakudya pa nthawi yake, mankhwala pa nthawi yake, ndipo anthu a m'dera amawatama kuti amuna otere ndi osowa. Ine ndikamva zimenezo ndimangoyang'ana kumbali, chifukwa ndikatsegula pakamwa pangatuluke zoti ndichotsedwe m'dera lonse.

Lamlungu lapitali ndinapita kukawapesa achemwali. Tinali pabalaza, iwo ali pa njinga, ine nditaima kumbuyo kwawo ndi chipeso, pamene kunabwera mayi wina woyandikana nawo kudzazonda. Anacheza za uku ndi uku, kenako mayiyo anafunsa ngati chidwalire odwalawa anayamba ayankhulapo. Alamu anayankha kuti ayi, kupatula kamodzi pamene kanawapulumuka kachipongwe, koma iwo anawakhululukira kalekale, sasunga zinthu kukhosi.

Mayiyo, posadziwa kanthu, anagwira bondo la achemwali n'kuwalimbikitsa kuti asataye mtima, tsiku lina adzayankhula ndithu, ndipo anawafunsa mwachikondi kuti akadzatero adzayamba kunena chiyani. Dzanja langa linali pakhosi pa achemwali, ndipo ndinamva pansi pa zala zanga chinachake chikukwera. Ndinasiya kupesa. Mapewa awo anauma, chibwano chinanjenjemera. Ndiye dzanja lamanzere linanyamuka pamwendo, linafika pakamwa, n'kukanikiza zolimba mpaka chinthucho chinabwerera kumene chinachokera.

Alamu anagwedeza mutu mokhutira, n'kutembenukira kwa mlendoyo.

“Mwaona? Kudwala konseku, koma mwambo akuudziwa.”